Mlonda wa Pabwalo la Maliro

Aliyense mumdadada wathu ku Bishkek ankadziwa kuti a Satybaldy ankadana ndi galimoto kuposa nsikidzi. Osati zonse ayi, koma iliyonse yoyerekeza kuima pabwalo la kutsogolo kwa khomo lawo.

Nyumba zosanjikizanazi lidamanga ndi boma lakale lija, n'kusiya bwalo lalikulu pakati. Bomalo litagwa, anthu adayamba kulinyenya bwalolo: uyu kagolosale, uyu garaja, wokhala m'nyumba ya pansi kuwonjezera chipinda mpaka kumeza mtengo wa eni ake. Padatsala kachigawo kamodzi kokha, pomwe timaimika yurta, hema wathu wozungulira uja, munthu akamwalira. Nanga olira onse angakwane m'kachipinda ka kumwamba?

A Satybaldy adadzilemba okha ulonda. Kukacha ankatsika ndi mpando ndi ketulo, n'kukhala phee pakatikati.

"Madala, ndiime pang'ono chabe," ankachonderera Ermek woyendetsa takisi.

"Ukafa tidzakulirira m'buti mwakomo?"

"Ine sindikufa lero."

"Wakuuza ndani?"

Tsiku lina kudabwera bwana wina wa kamimba, akuti amangapo sitolo ya mankhwala. "Mankhwala akakhala pafupi anthu sazifa, bambo," adatero.  A Satybaldy adangogona chagada pachipale chofewa, manja pachifuwa, maso tseke.

"Mukutani, bambo?"

"Ndikuyeserera. Sunthani, mwaponda pokhala azimayi."

Bwanayo adapita osatsanzika. Akazi awo a Satybaldy, mayi Burul, adasuzumira pawindo: "Takwerani mudzadye, inu. Mufa ndi njala polondera malo a maliro."

Tinkawaseka, kunena zoona, ena mpaka kumati mutu udazungulira. Koma atamwalira, yurta idakwana bwinobwino, ndipo tidakhala momasuka n'kuwalira mokwanira. Ermek yemweyo ndiye ankathamangitsa magalimoto, misozi ili chuchuchu.

Hema atachotsedwa, kutacha pabwalopo padali patadzaza kale magalimoto. Yakutsogolo inali takisi ya Ermek. Mayi Burul adatsika masitepe pang'onopang'ono, atagwira khoma, n'kuima pambali pake.

"Mwana wanga, nanga ine mudzandilirira pati?"

 Manyazi atamugwira, Ermek adaliza injini n'kuchotsa takisi ija. Asanafike n'komwe pachipata, galimoto ina inali italowa kale pamalopo.