Mfundo Yanga ya Fodya pa Mbedza ya Nthenga

Mpaka lero mkamwini wanga akamva wina akutchula damu amayang'ana pansi n'kuyamba kutsokomola. Si chifuwa ayi. Ndi phwete limene akulimeza, ndipo mwini nkhani ndine.

Amuna anga, bambo ake Malita, anagwira ntchito zaka zambiri kumsasa wa alendo cha kunkhalango ya Lukusuzi. Ankaphika, ankasenza katundu, ndipo alendo akafuna kuwedza ankawaperekeza kumtsinje. Kumeneko ndi kumene anaphunzira uwedzi wachilendo, wopanda nyambo. Nyongolotsi ayi, chiwala ayi. Mbedza amaiveka tinthenga ndi ulusi mpaka ioneke ngati kachilombo kouluka, ndiye umaiponya kuti itere pamwamba pa madzi, nsomba n'kupusitsika. (Ine nditamva koyamba ndinati nsomba za kumeneko n'zoperewera nzeru. Zakwathu kuno kwa Mwase zimafuna chakudya chenicheni.)

Atapuma ntchito, zaka zija boma litangosintha kumene, anabwera ndi bulangeti, ndodo yopyapyala yochita kulumikiza, ndi chigoba cha machesi. M'chigobamo munali mbedza zitatu zimene mlendo wina anawasiyira potsanzikana. Imodzi inakodwa pamwamba pa mkuyu, ina inatha ndi dzimbiri. Inatsala imodzi, ya nthenga yofiira ndi kamchira kotuwa. Imeneyo ankaitulutsa Lamlungu tikachoka kutchalitchi, n'kuiika pachikhatho, n'kumaisisita ndi chala ngati mwanapiye. Pogula ina panalibe. Ngakhale kuboma ku Lundazi mukanazungulira sitolo zonse, akanakupatsani mbedza wamba n'kukulozerani kumene amagulitsa nkhuku.

Kenako ng'ala inayamba kuwaphimba maso. Kuponya ankatha, mkono sunaiwale. Koma kabowo ka mbedza sankakaona, ndipo twaini ya nayiloni, yoonekera ngati madzi ija, inkawasowa ili m'manja mwawo momwe.

Chaka chimenecho mvula inagwa bwino ndipo damu la ng'ombe kumunsi kwa mudzi linadzaza mpaka m'mabango. Munali nsomba imodzi yaikulu imene iwo ankaimva ikamenya madzi. Ankati phokoso lake n'losiyana ndi la zinzake, lili ngati munthu wagwetsa mtondo. Tsiku lina masana, titamaliza kusoka fodya, anandiitana.

"Amake Malita, tandibwerekani maso anu."

"Maso okha?"

"Ndi zala zomwe. Koma mumvetsere. Mulowetse twaini pakabowo, muizungulize kasanu pa inzake, nsonga muibwezere pakampata kapafupi ndi mbedza, munyowetse ndi malovu, ndiye mukoke pang'onopang'ono."

"Malovu? Ndikumanga mbedza kapena ndikutsirika munda?"

"Nayiloni ndi yoterera, mayi. Siimva mfundo za kumudzi."

Mfundo za kumudzi! Mawu amenewo anandilowa ngati munga. Ine amene m'chigafa munalibe wondiposa pomanga fodya pamikangala, timitengo toyanikira tija, moti aganyu ochokera ku Kasungu ankasiya ntchito n'kumaonerera zala zanga. Ine amene ndinabereka ana asanu ndi awiri kumsana, wosagwapo ndi mmodzi yemwe. Lero ndiphunzitsidwe kumanga ndi munthu wosatha kumanga ngakhale mtolo wa nkhuni?

Ndinalowetsa twaini, n'kupinda kamodzi, n'kukoka, monga ndimachitira ndi luzi la fodya. Pakamwa ndinkawerenga mokweza, kamodzi, kawiri, mpaka kasanu, zala zitamaliza kalekale. Malovu ndinalavulira pambali, mwaphokoso, kuti amve. Anatambasula dzanja kuti akhudze mfundoyo.

"Mukufuna kundiyesa ngati mwana?" ndinatero.

Anabweza dzanja lawo. (Apa ndi pamene pamandiwawabe. Anandikhulupirira.)

Kudamu kunali zii. Dzuwa linali litapendeka pang'ono, madzi ali phee, mitambo itagona m'katimo ngati thonje loyanika. Akakowa awiri anaima tsidya lija osagwedezeka. Bambo ake Malita anavula nsapato, anaima m'mphepete, n'kuyamba kuyendetsa ndodo ija kutsogolo ndi kumbuyo. Twaini inkauluka pamwamba pa mutu wawo, ikupindika, ikuwongoka, ikung'anima ngati ulusi wa kangaude m'mawa. Ndinali ndisanawaonepo akuchita zimenezi. Msana unawongoka, mapewa anatambasuka, ndipo amene anaima pamenepo sanali nkhalamba yanga yofufuza chikho ndi manja. Anali mnyamata uja anandiimitsa panjira ya kuchitsime kalekale, atavala malaya obwereka. Ndinakhala paudzu n'kuiwala kuti ndine ndani. Kanthenga kofiira kanatera pamadzi mopanda phokoso, kakuyandama, kakuzungulira pang'ono, ndipo ndinkangoona ngati tonse awiri tikuyandama nako, mudzi ndi fodya ndi maondo anga opweteka zitatsala kutali.

Ndiye madzi anatseguka. Phwaa! Ndinaona msana wakuda, wautali ngati mpini wa khasu, ndodo n'kupindika.

"Ndi iyo! Amake Malita, ndi iyo!"

Anafuula ngati mwana. Twaini inathamangira kumabango, inabwerera, inalimba, iwo akuseka, akuilankhula nsombayo mwaulemu: bwerani mayi, bwerani, musachite manyazi. Kenako ndodo inawongoka yokha. Twaini inagona pamadzi, lende.

"Yadula," ndinafulumira kunena. "Ha, chinsomba chimenechi! Mano ake ngati a ng'ona. Yadula twaini."

Iwo anakoka twaini pang'onopang'ono mpaka nsonga inafika m'zala zawo, n'kuipapasa.

"Twaini ikaduka, nsonga imatsala yowongoka," anatero motsitsa mawu. "Iyi yapotana ngati mchira wa nkhumba. Munazunguliza kangati?"

Pamenepo ndi pamene nzeru inandifikira, mochedwa ngati minibasi ya dzinja. Mfundo zathu ife akazi timazimanga kuti zidzamasuke. Fodya akauma umasolola, mwana akalira umasolola, nkhuni ukafika nazo umasolola. Moyo wanga wonse ndinali katswiri wa mfundo zomvera aliyense wozikoka, ndipo nsomba ija inangokoka.

Ine ndinayang'ana kumadzi, ndipo pakati pa masamba oyandama ndinaona kanthu kofiira.

"Yalavula! Ndaiona, dikirani!"

"Amake Malita, kumeneko n'kwa matope."

Ndani akanamva? Ndinalowa. Madzi m'maondo, madzi m'chiuno, ine maso pa kofiira kaja basi. Nditatambasula dzanja kuti nditole, kanatambasula mapiko n'kuuluka. Kunena zoona, kwa kanthawi ndinakhulupirira kuti mbedza ya amuna anga yasanduka yamoyo ndipo ikubwerera kwawo ku Lukusuzi. Ndinaiperekeza ndi maso mpaka kumwamba, kukamwa kuli yasa. Anali tombolombo.

Pofuna kutembenuka, miyendo inakana. Matope anali atandigwira mpaka m'ntchafu. Ndinalimbana, ndinagwira bango, bango linakola chitenje, ndipo chitenje (mwadziwa kale mfundo yake) chinandisiya mwaulemu n'kuyamba ulendo wa pakati pa damu, maluwa ake ali tambasu. Ndinatsala ndi pitikoti.

Ndiye ndinamva mabelu a ng'ombe. Anali mwamuna wa Malita, Mtumbuka waulemu wa ku Magodi, akubwera kudzamwetsa ng'ombe zake zapangolo. Inu mukudziwa mwambo. Mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana, sadyera pamodzi, akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Zaka zisanu ndi chimodzi mwana ameneyu anali asanaonepo ngakhale chigongono changa. Atangozindikira chimene chinali m'madzimo anatembenuka msangamsanga n'kugwada, nkhope kuthengo.

"Monire, amama," anatero, akupatsa moni chitsamba.

"Yewo," ndinayankha, madzi ali m'mimba. Ndikanati chiyani?

"Adada," anatero kwa amuna anga, "kodi amama akusamba, kapena pali suzgo?" (Vuto ndiye suzgo kwawoko.)

"Akuwedza," anatero bambo ake Malita. "Atulutseni."

Anamasula chingwe pakhosi pa ng'ombe, n'kuyamba kuyenda chambuyo kulowa m'madzi, maso ali kumudzi, akupepesa pa phazi lililonse. Phepani, phepani chomene. Anaponya chingwe modutsitsa paphewa. Koyamba chinagwera kutali. Kachiwiri chinandimenya pamphumi.

"Adada, auzeni amama adzimange m'chiuno."

"Ayi!" anakuwa amuna anga, mpaka akakowa anauluka. "Asamange! Angogwira ndi manja!"

Ndinaona mapewa a mkamwini akugwedezeka. Anakoka choncho atandifulatira, ine n'kuzuka m'matope ngati chinangwa, ndipo anavula jekete lake n'kuliponya kumbuyo osacheuka. Ndinalowa m'mudzi dzuwa likadalipo, nditavala jekete la mkamwini, nsapato imodzi, ndikutsogolera wakhungu amene ankayenda mowongoka kundiposa.

Masiku atatu bambo ake Malita sanandikalipire, ndipo bola akanakalipa. Chigoba cha machesi chija anachiika pawindo chili chotsegula. Tsiku lachinayi ndinagwira tambala wathu n'kumuzula nthenga zapakhosi, ndinatola ya nkhanga, n'kuzikulunga pa mbedza wamba ndi ulusi wosokera. Ndinaiika m'dzanja mwawo. Anapapasa nthawi yaitali.

"Ichi n'chiyani? Tambala womira?"

Anaseka mpaka misozi, ine n'kuseka nawo, ngakhale yanga misozi inali yosakaniza. Kenako anandigwira zala, zawo pamwamba pa zanga, n'kuzunguliza nane. Kamodzi, kawiri, mpaka kasanu. Malovu ndinanyowetsadi. Anakoka ndi mphamvu zawo zonse, mfundo osasuntha.

Tambala womirayo anamuponya mpaka maso awo anatsekeratu, ndipo chimene anakola ndi chule mmodzi. Yofiira ija sinabwerenso. Nthawi zina ndikamapalira ndimaiona m'maganizo nsomba ija pansi pa damu, yakalamba ngati ine, ikuyenda pang'onopang'ono ndi nthenga pamlomo, zinzake zikuipatsa njira.

Mfundo ndinaiphunzira, imeneyo musakayike. Vuto n'lakuti tsopano ndimamangira chilichonse. Thumba la mtedza, chingwe cha mbuzi, mpango wa kumutu, zonse kasanu ndi malovu. Malita akamabwera kudzatenga katundu kwathu amanyamuliratu mpeni.