Ife a Pickering a ku Chinakanaka

Lolemba
Loweruka likubwerali ndi chinkhoswe cha mwana wanga Esinati. Ndalonjeza akuchimuna kuti ndidzawawerengera mbiri ya dzina lathu, Pickering. Dera lonse likudziwa, poti ndinalengeza ndekha, kuti agogo anali mzungu wa ku esiteti ya tiyi. Umboni ulipo:
1. mphuno yangayi
2. kalongonda sindidya
3. tiyi ndimamwa folo koloko.

Lachiwiri
Alamu anga, aphunzitsi aja, afufuza pa foni. Akuti Pickering ndi tauni ina ku Mangalande, ndipo ochokera kumeneko ankatchedwa dzina lomwelo. Ndalemba masamba awiri. Ndawonjezerapo mahatchi, atatu okha.

Lachitatu
Ndili ku Milonde kwa azakhali, mlongo wa malemu bambo, kudzafunsa chaka chimene mzunguyo anafika. Aseka mpaka kutsokomola. "Mzungu wake uti? Agogo ako anali Mlomwe wakuda bii. Anaoloka mtsinje wa Muloza ndi nsanza, kuthawa Apwitikizi." Ndadziuza kuti ndi ukalamba. Koma m'minibasi thukuta lili kamukamu.

Lachinayi
Ndabwererako. Zonse zili poyera tsopano. Agogo ankanyamula machila a Bwana Pickering, iwo ndi anzawo asanu ndi awiri. Kalaliki mayina achilomwe anamutopetsa, basi onse n'kungowalemba dzina la bwana wawo. Ndafunsa dzina lenileni. "Namakhwa. Zaka zonsezi sunafunsepo," atero azakhali.

Lachisanu
Mayi a kunyumba akuti, "Werengani zomwezo, adziwa ndani?" Mahatchi ndachotsa. Mzungu ndamusiya momwemo. Ndikudziwa kuti ndi bodza, koma suti ndasita kale.

Loweruka
Ndaimirira, anthu ali chete. Ndangofika poti "agogo athu atatsika sitima", agogo aakazi a mkwati akweza dzanja. "Pickering wa machila uja? Bambo anga ankanyamula kutsogolo. Agogo anuwo kumbuyo, poti anali aafupi. Koma nyimbo ankatsogolera ndi iwowo."
Kenaka ayamba kuiimba, m'Chilomwe. Akuchimuna onse akuvomera. Azakhali akuvomera, misozi ili mbwembwembwe. Ine chiimire ndi pepala langa, osamva ngakhale liwu limodzi la nyimbo ya agogo anga. Manyazi ake, abale!

Lamulungu
Kutchalitchi sindipita, ndati mutu. Esinati wabwera, wakhala pakhonde, sakundiseka. Bola akanandiseka. Akufuna dzina lenileni, akuti mwana wake woyamba adzatchedwa limenelo. Ndamuuza, koma wandikonza katchulidwe, azakhali anamuphunzitsa dzulo.
"Ndiye ankanyamula mzungu basi?"
Ndavomera. Iwo anamunyamula zaka zingapo n'kumutula. Ine ndamusenza mpaka imvi.