Mphinjiri ya Apongozi Inamveka Boma Lonse

Ndiulule basi, mwina ndipepukidwe. Pakamwa pangapa panandigwetsa m'mavuto, ine ndili ku Joni, mavutowo ali kumudzi.

Kuno ku Katlehong chimene chimandisangalatsa ndi kawayilesi ka kwathu, kamene ife omvera timasonkha kangachepe kuti jenereta isazime. Tsiku limene kanayamba kumveka pa intaneti ndinavina ndekha m'nyumba. Tangoganizani, kumva za mbuzi zosowa m'mudzi mwathu ndili kuno!

Loweruka masana kumakhala pulogalamu ya moni. Mwana wanga Tadala atakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi, ndinati nanenso ndimveke. Ndinauza aliyense: amayi, anzanga a kukoleji, ngakhale apongozi. Iwo ndi mtsogoleri wa amayi kutchalitchi, ndiye anaitana gulu lonse pakhonde kuti lidzamve mkazi wa mwana wawo.

Apa ndifotokoze kaye. Apongoziwo ananditumizira mwachinsinsi mphinjiri, kachingwe kakuda ka mankhwala, kuti ndimumange mwana m'chiuno. Ine ndinaopa kukalipiridwa ndi anamwino kusikelo (ndimaopa chilichonse, ngakhale mwana akangoyetsemula), ndiye ndinamangira katani ya pawindo. Akafunsa ndinkati amavala.

Tsikulo ndinaitana neba wanga, amake Taonga a ku Chipata, kuti tizimvera wayilesi pafoni pawo, yanga ndiimbire. Ndinaimba, ndinaimba, mpaka inalowa! Mawu akuti, "Dikirani pomwepo, mayi." Moni ndinali nditalemberatu papepala. Pomwepo Tadala anayamba kulira. Ndinaika foni patebulo n'kumunyamula, poti pafoni ya neba nyimbo inali ikadalira. Ndinati ikatha ndiye nthawi yanga.

Chimene sindinkadziwa (ndi satifiketi yanga yonseyi) n'chakuti wayilesi ya pa intaneti imabwera mochedwa. Kwathuko nyimbo inali itatha kalekale.

"Amake Tadala, kachingwe kali pakatani aka n'kachiyani?" anafunsa neba.

"Aaa, ndi mphinjiri ya apongozi iyo. Ndimangowanamiza kuti mwana amavala. Munthu wotsogolera mapemphero, koma kwa asing'anga sachokako!"

Tinaseka mpaka misozi. Kenaka nyimbo inatha. Tinamva muulutsi akuti, "Halo Joni, lankhulani, anthu akumva." Kunamveka kulira kwa mwana. Ndinati, kodi ameneyu si Tadala? Kenaka mawu anga, omveka bwino ngati ndili m'situdiyo: "Aaa, ndi mphinjiri ya apongozi iyo..."

"Mayo ine! Gwirani foni!" anakuwa amake Taonga.

Nditaika kukhutu, muulutsi anali akulimbana ndi phwete. "Mayi, moniwo ukupita kwa ndani?"

"Kwa... kwa onse ondidziwa," ndinatero, n'kudula.

Masabata atatu apongozi anali zii. Ndinangomva kwa mlamu wanga kuti amayi aja anabalalika mwakachetechete, ena kusiya tiyi m'makapu, ndipo abusa anawaitanitsa apongozi kuti akacheze nawo. Ine chakudya chinkandikanika.

Tsiku lina foni inalira, anali apongozi. Ndinagwada ngati akundiona.

"Mwana ali bwanji?"

"Ali bwino, amayi."

"Nanga katani? Sikudwaladwala?"

Anadula.

Ndaphunzira kuti choipa chachitikira pagulu chimafunika kupepesa pagulu. Ndinawauza bambo a Tadala kuti Loweruka likubwerali ndiimbanso kuwayilesi, ndifotokoze bwinobwino nkhani yonse kuyambira pachiyambi. Angopita kuntchito ndi foni yanga m'thumba.