Ndinangopita Kukatsanzika

Ndikulemba izi ndili ku Ilford, pabedi la eni ake, m'tsitsi muli phala limene wandipaka mwana wa zaka zitatu. Amayi anga ali ku Italy. Ulendowo ndinaukonza ndine.

Amayi ndi namwino ku Edmonton, konkuno ku London. Ndikamapita kusukulu iwo amakhala akugona, ndikamabwerako amakhala akuvala yunifolomu. M'nyumba timakhala awiri okha, koma timakumana ngati anthu odikira basi imodzi. Ndiye nditaona pa foni katauni ka ku Italy kotchedwa Varenna, ka nyumba zachikasu ndi zofiira m'mbali mwa nyanja, ndinaganiza kuti kumeneko palibe angawaitane ku shifti. Tikanapita pa holide ya pakati pa teremu, masiku ochepa, ine ndi Amayi basi. Ndinafufuza zonse mosamala, ndege, sitima, boti, ngakhale benchi yoti tikakhalepo podya ayisikilimu. (Inde, benchi. Ndinaiona pa mapu.)

Ndinachedwa kuwauza. Ine ndine uja amene m'kalasi ndimadziwa yankho koma ndimayang'ana desiki. Amayi anavomera, mpaka anandikumbatira. Kenako anati, "Koma sitinganyamuke ngati mbava. Loweruka ukatsanzike kwa Anti Nambewe. Ine ndili pa shifti."

Anti Nambewe si achibale athu, koma ndi amene anatisunga titangofika ku London. Ndinapita ku Ilford ndikuyeserera mawu anga njira yonse. Nditawapatsa moni ndinawaonetsa chithunzi chija. Anachiyang'ana nthawi yaitali n'kuusa moyo.

"Ha, anzathu mukudyerera. Ife zaka zonsezi timangodziwa basi ya kuntchito."

Ndinawamvera chisoni. Ndipo Amayi anandiphunzitsa kuti munthu akakupeza ukudya umamuitana, iye amathokoza n'kupitiriza ulendo wake. Choncho ndinati, "Tiyeni tipitire limodzi, Anti."

Ndinadikira kuti anene kuti zikomo, muyende bwino.

"Tinyamuka liti?" anafunsa.

Pobwerera ndinadzitonthoza kuti atatu si ambiri. Benchi ija ndi yaitali ndithu.

Lamulungu tikutuluka m'tchalitchi, Mayi Chisale a ku Wembley, otsogolera kwaya, anandigwira pamkono.

"Iwe mwana, ndamva ukutenga anthu ku Italy. Ine ndinakulakwira chiyani?"

"Ayi, Anti, simunandi..."

"Basi, ndiye undiike."

Ndinayang'ana Amayi kuti andipulumutse. Amayi anali kuyang'ana nsapato zawo. Apo m'pamene ndinadziwa kumene ndinatengera manyazi anga.

Sabata isanathe panali gulu la pa foni, lodzaza azimayi a kwaya, ndipo wokonza zonse ndinali ine. Wina anafunsa ngati m'nyanjamo muli chambo. Wina ankafuna tikaone Papa pobwerera (ku Roma ndi kutali, komanso ife si Akatolika). Mayi Chisale analamula kuti tisoketse madiresi a chitenje chofanana kuti tisasowane. Aliyense ndinkamuyankha mwaulemu, ndi zikomo kumayambiriro ndi zikomo kumapeto.

Tsiku lina ndinalimba mtima. Ndinawapeza Amayi akusita.

"Amayi, ine ndimafuna tipite awiri."

"Ndikudziwa, mwanangu. Nanenso. Koma akawauze ndani?"

"Aakulu ndinu."

"Kwa iwe, inde. Kwa a Nambewe ndine mwana."

Tinangoyang'anana mpaka yunifolomu inayamba kununkha kupsa.

Kenako kunabwera nkhani ya viza. Ife mapasipoti athu analibe vuto, koma azimayi ena anafunika viza, ndipo tsiku lokafunsira analipeza mochedwa. Gulu linagwirizana zosuntha ulendo kuti aliyense akwanitse. Ndinalemba kuti nthawi imeneyo sukulu idzakhala itatsegulidwa, ndipo ndidzakhala ndi mayeso. Ndinaona kuti mawuwo ndi olimba, ndinafufuta. Ndinalembanso mofewa, ndinafufutanso. Ndisanatumize, Anti Nambewe anali atalemba kale: "Mwana asajombe kusukulu. Adzakhala kwathu ndi mwana wanga Chifundo, azidzathandizana kulera mdzukulu. Mulungu ndi wabwino, zonse zalongosoka." Azimayi onse anayankha kuti ameni.

Amayi anati nawonso atsala. Ndinayang'ana maso awo otupa ndi tulo, ndinawakaniza. Ndinakonzanso ulendo wonse ndekha, ndipo dzina langa ndinalichotsa ndi chala changa chomwe. Kubwalo la ndege ndinawaperekeza, ndikukoka sutikesi ya Mayi Chisale, mmene munali ketulo ndi bulangete chifukwa iwo sakhulupirira mahotela. Diresi langa la chitenje anandisokerabe. Ati ndizivala kuno kuti ndikhale nawo mumzimu.

Masana ano nditaweruka kusukulu Amayi anandiimbira pa vidiyo. Kumbuyo kwawo kunali nyanja ija, yeniyeni, ndi mapiri ake. Anali paboti, kwaya itayamba kale nyimbo, alendo ena akuijambula.

"Mwanangu, lero ndagona mpaka dzuwa lafika pamutu. Palibe wandidzutsa." Nkhope yawo inali yosalala, ngati ya pa zithunzi zawo zakale. Anasendeza foni pafupi ndi pakamwa. "Chaka chamawa tidzabwera awiri. Tidzatsanzika titafika kale."

"Chabwino, Amayi. Mupume."

Ndinamwetulira mpaka foni inaduka. Kenako ndinalowa m'bafa kukalira mwakachetechete, mdzukulu uja akumenya chitseko ndi supuni.

Masiku ano ndikuphunzira kunena kuti ayi. Ndimayeserera pagalasi, ndipo ndikakhala ndekha amatuluka bwino kwambiri, mpaka ndimadziopa. Koma posachedwapa a Chifundo asuzumira pakhomo, thaulo lili paphewa. Foni ija anaimva yonse ali kukhitchini.

"Chaka chamawacho, mwezi wanji? Ndikufuna ndipemphe holide msanga."

Ndinaimirira bwinobwino monga pagalasi paja, ndinakoka mpweya, ndinawayang'ana m'maso.

Ndawauza kuti Meyi.