Chithaphwi Pansi pa Galimoto ya Malemu Bambo

Lolemba
Pansi pa galimoto pali chithaphwi. Mvula sinagwe.
Loweruka galimotoyi inyamula mwana wanga Asiyatu kupita ku ukwati wake ku Chia. Akwatibwi onse a m'banja mwathu anakwera imeneyi, kuyambira achemwali anga. Mpando wakumbuyo umanunkhirabe lubani.
Amene ndikuwaganizira:
galu wa aneba;
ana osewera mpira;
alamu anga a Saidi, omwe agula galimoto yatsopano, ndipo dzulo anafunsa akumwetulira, "Koma imeneyi ikafika ku Chia?"

Lachiwiri
Galu alibe mlandu. Madziwa ndi adzimbiri.
Ndayala katoni pansi pa injini kuti ndione pomwe pakudontha. Masana katoni palibe! Mayi a kunyumba ayatsira mbaula. Akuti, "Ndikanadziwa bwanji kuti katoni ili pa ntchito?"
Ndakumbukira kuti iwowa ndi a Saidi ndi a bere limodzi.

Lachitatu
Amakaniko a kumsika abwera. Redieta ili bwino, mapaipi ali bwino. Akupukuta injini, akuwaza ufa, akuiliza. Ufa wanyowa pa kachikho komwe paipi yapamwamba imalowera mu injini. M'menemo mumakhala themositati, kachitsulo kotsegulira madzi injini ikatentha. Gasiketi ya kachikhoko, kapepala kolimba koletsa madzi kudontha pomwe zitsulo zakumana, yaola.
"Mumathira madzi a m'nyanja eti?" Inde. Bambo ankathira omwewo, akuimba.
"Ingochotsani themositatiyo, bwana. Zimenezo n'zakumaiko kozizira."
Ndakana. Akuiyang'ana ngati ali kale ndi woigula.
Gasiketi yatsopano ichokera ku Lilongwe, ifika Lachisanu pa minibasi. Akutero iwo.

Lachinayi
Minibasi sindizikhulupirira. Ndadula gasiketi yanga pa bokosi la tiyi. Aneba, omwe ndi asodzi, akusuzumira pampanda: "Pakanipo kondowole, achimwene. Wogona amagwira kuposa guluu."
Ndapaka.
Injini yatentha. Bwalo lonse likununkhira chakudya. Nkhuku zasonkhana, galu uja wabweranso. Tsopano pakudontha mbali ziwiri!
Aneba alowa m'nyumba msangamsanga. Mapewa awo akugwedezeka.

Lachisanu
Gasiketi yafikadi. Zodabwitsa.
Nditachoka ku mzikiti ndapala kondowole yense, ndaika yatsopanoyo bwinobwino. Amakaniko anati, "Mabawuti muzimanga pang'onopang'ono, mosinthanasinthana. Osalimbitsa kwambiri."
Osalimbitsa? Kuti pazidonthabe, ndizibwereranso kwa iwo? Ndikuwadziwa anthu amenewa.
Ndakoka sipanala ndi manja onse awiri.
Thwa!
Kachikho kang'aluka pakati. Kena kulibe m'boma monse muno.
Nthawi yomweyo a Saidi pageti: "Salaam aleikum, alamu. Zikutheka?"
Wawauza ndani?

Loweruka
Galimoto ya a Saidi yaima pabwalo, maliboni ali mbuu. Ndatsegulira mwana wanga chitseko chake, mtima uli zii.
Asiyatu sakusuntha. "Ababa, ine ndikwera ya agogo. Kaya muikankha."
Azakhali ake akukalipa kuti Shehe akudikira. A Saidi atsegula kumbuyo kwa galimoto yawo, atulutsa chingwe cha khoka.
Tikupita ku Chia chokokedwa. Iwo kutsogolo ndi maliboni, opanda mkwatibwi. Ife kumbuyo, injini ili chete, mabuleki olimba ngati mwala. Njinga zikutipitirira. Amayi ogulitsa mpunga m'mbali mwa msewu akululutira.
Pagalasi ndikumuona Asiyatu akusisita mpando, monga ankachitira ali wamng'ono, agogo ake akuyendetsa. Maso anga akuvuta. Ndi fumbi la galimoto ya a Saidi.

Lamulungu
Pansi pa galimoto pauma. Mulibenso madzi oti adonthe.
M'nyumba muli zii, chipinda cha Asiyatu chotseka. Ndakhala m'galimoto kwa kanthawi, manja pachiwongolero.
Kachikho ndidzafunafuna ku Salima. Amakaniko adzamange okha, mosinthanasinthana.
A Saidi ndawathokoza pamaso pa anthu. Ndi munthu wabwino.
Komabe munthu wosakhala msodzi amayenderanji ndi chingwe cha khoka m'galimoto?
Sindifunsa. Ndi achibale.