Tsiku Limene Ndinasenza TV Yanga Kupita kwa Alamu

Ndiyambe ndi kuvomera kuti palibe amene anandilodza. Zonse ndinazichita ndekha, ndi chala changa chomwe, m'mawa kukuwala, nditavala diresi yatsopano. Mpaka lero ndikamadutsa pamsika wa pa boma kuno ku Mwanza pali amayi ena amene amaika manja pamutu ngati asenza chitseko, kenako n'kufa nacho chiseko. Sindiwakwiyira. Zikanachitikira wina, ine ndikanaseka kuposa iwowo.

Bambo a kunyumba amayendetsa thiraki ya ku Beira. Chaka chatha anandibweretsera TV yaikulu, ija yoti munthu akamawerenga nkhani mumachita kumuona thukuta. Anabweretsanso kachipangizo kotalika ngati chala, kosomeka kumbuyo kwa TV, kamene anakagula ku Tete. Ukakhala ndi bandulo, za pa intaneti zonse umazionera pa TV pompo. Tinkangokatchula kuti kandodo. Ineyo kandodoko ndinakakonda mopitirira muyeso. Mlendo wobwera kudzapempha mchere ankachoka ataonera kwaya ya ku Tanzania, afune asafune.

Ndiye pali alamu anga a Falesi, achemwali awo a amuna anga, amene amakhala kuseri kwa msika. Ine ndi iwowo timakondana, koma chikondi chake n'chija choti wina akagula makatani, mnzake sagona tulo mpaka atagula aatali kuposa amenewo. Iwo anali ndi kabokosi kakuda ka kampani ina, kogwira ntchito ngati kandodo kanga, koma TV yawo inali yaing'ono ngati thireyi yoperekera tiyi.

Nkhani inafika yoti Yohane, mng'ono wawo wa amuna anga, akukwatira ku Joni. Yohane ndi mwana wotsiriza wa apongozi anga, ndipo panali patatha zaka zisanu ndi ziwiri asanaponde kwawo ku Thambani. Apongozi sakanatha kuyenda ulendo wotero, miyendo inawakana kale. Maso nawo ayamba kuchita chifunga. Yohane akaimba pa foni kuti aonane, iwo amangoti, "Ndikumva mawu ako, koma nkhope ikuoneka ngati nyemba." Choncho Yohane analemba ntchito wojambula woti aulutse ukwati wonse pa apu ina ya mavidiyo ya pa intaneti, kuti mayi ake aone mwambo uli mkati. Chotsala chinali TV yaikulu basi.

Pa msonkhano wa banja a Falesi anati amayi akaonere kwawo, popeza mwana wamkazi ndi iwo. Apa m'pamene lilime langa linandigulitsa.

"Alamu," ndinatero, anthu onse akumva, "amayi akaonere ukwati pa thireyi? Ndipo kabokosi kanu kaja n'koonera kanema kapena n'kotchera makoswe?"

Anthu anaseka, ine n'kumva kukoma mpaka kuphazi. (Musandiweruze, inunso muli ndi mlamu.) A Falesi anangopinda chitenje chawo bwinobwino, n'kunena kuti, "Chabwino alamu, zikayende bwino kwanuko."

Lachisanu apongozi anafika pa pikiapu ya ku Thambani ali ndi dengu la manachesi. Amuna anga anali atapita kale ku Joni kukaimira banja. Madzulo ake ndinayesa zonse: apu inatseguka, chithunzi chili mbee, apongozi n'kuona nkhope ya mlaliki wina n'kukuwa kuti, "Ndikumuona mano!" Mtima wanga unali m'malere.

Loweruka ndinadzuka ndi mphamvu za anthu atatu. Ndinakolopa, ndinabwereka mabenchi a kutchalitchi, ndinatsira thobwa m'zidebe. Ndinali nditaitana amayi onse a kwaya yathu, ndipo anabwera atavala yunifolomu, ataphunzira nyimbo ziwiri za ukwati. Mwambo unali woyamba teni koloko. Cha m'ma eyiti ndinayatsa TV kuti anthu ayambe kusirira.

Pa TV panatuluka uthenga wa Chipwitikizi, pansi pake mabatani awiri. Uthengawo ndinkaudziwa, unkabwerabwera. Amuna anga anali atandiuza kuti umafunsa ngati ndikufuna kandodo kalandire zatsopano, ndipo anandilangiza kuti, "Mayi, muzingodina lakumanzere, loti tidzaona mawa." Miyezi yonseyi ndinkamvera. Koma tsiku limenelo ndinaganiza kuti: makatani ndachapa, diresi n'njatsopano, apongozi avala chitenje chatsopano, nanga kandodo kokha kakhale ndi zakale chifukwa chiyani? Ndinatembenukira amayi a kwaya n'kuwauza kuti, "Taonani, tikukaveka zaukwati." Ndinadina lakumanja.

Kamzere kanayamba kudzaza pang'onopang'ono. Katadzaza ndinaimba nthungululu (inde, ndinaimbira nthungululu tsoka langa lomwe). TV inazima n'kuyakanso, mitundu yokongola kuposa kale. Ndinayang'ana pamene pamakhala apu ya mavidiyo. Panalibe. Ndinapita kumanja, kumanzere, pansi, m'mwamba. Ndinagogoda rimoti pabondo. Ndinazula kandodo, kukauzira mpweya, kukabwezera. Apu inali itasowa ngati sinakhalepo n'kale lomwe.

"Zikuyenda, mayi?" anafunsa motero mmodzi wa amayi a kwaya.

"Zikuyenda, kakungopuma," ndinayankha, thukuta likutsika kumsana.

Foni ya amuna anga sinkayankhidwa. Ndinatulukira khomo la kuseri, kandodo kali m'manja, n'kuthamangira kumsika kwa a Zuze okonza mafoni. A Zuze makolo awo anachokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, ndipo Chipwitikizi amachiwerenga ngati madzi. Anasomeka kandodoko pa TV yawo, n'kupukusa mutu.

"Epa, mayi. Mwadina?"

"Ndadina."

"Ndiye basi, acabou, zatha. Kampani yopanga kandodo kanuka ndi kampani ya apu ija anayambana. Aliyense akufuna anthu azigula chipangizo chake. Ndiye awa achotsa apu ya anzawo, anzawonso akuti chotsani tione. Amene sanadine akuonerabe, mpaka tsiku limene adzadine."

"Bwezeretsani zakale, a Zuze, chonde."

"Nada. Madzi akatayika sawoleka, mayi."

"Nanga kutumiza kuchokera pa foni kupita pa TV?"

"Khomo limenelonso anatseka. Anthu aja akayambana sasiya ngakhale zenera."

Ndinakwiya kwambiri. Azibambo awiri eni makampani, amene sindinawaonepo, amene sadziwa n'komwe kuti padziko pali malo otchedwa Thambani, akanganirana kutsidya kwa nyanja, ndiye wolira akhale apongozi anga? Akanakhala a kuno tikanawaitanira ankhoswe, pofika masana nkhani itatha. Ndinafunsa a Zuze kuti apuyo ikupezeka pati tsopano.

"Pa tibokosi takuda tija, poti apuyo ndi ya kampani yomweyo. Togulitsa tili ku Blantyre. Pa boma pano amene ndikudziwa kuti ali nako ndi alamu anu a Falesi. Ndinawalumikizira ndine."

Ndinayang'ana pa foni. Nthawi inali itadutsa naini.

Ndinabwerera kunyumba ndili ndi nzeru imodzi yotsala, yothawira manyazi. Ndinatsegula apu pa foni yanga. Wojambula anali atayamba kale kuonetsa maluwa a m'tchalitchi. Ndinagwada pafupi ndi apongozi, n'kuwayandikizira foniyo kumaso, n'kuwauza zonse monong'ona. Anatsinzina diso limodzi, anayesa linalo, anaitalikitsa, anaiyandikitsa. Kenako anandibwezera mofatsa.

"Musavutike, mwana wanga. Ndizingomva mawu. Ndinazolowera."

Akanandikalipira zikanakhala bwino. Mawu amenewo anandilasa mumtima, moti kunyada konse kunathera pomwepo. Ndinadzuka n'kuyamba liwiro la kwa a Falesi, diresi yatsopano ili pekupeku.

Ndinawapeza akuyanika zovala. Kwathu sanabwere, anati mutu ukuwawa.

"Odi, alamu."

"Eee, alamu! Mwathamanga chonchi, makoswe avuta kwanu?"

Fisi akagwa m'mbuna salankhula. Ndinangofotokoza zonse, n'kupempha kuti andibwereke kabokosi.

"Kabokosi kanga sikayenda, alamu. Kamachita manyazi pa anthu, kanatukwanidwa pagulu. Amayi abwere kuno."

"Koma pa TV yanu saona!"

"Pa thireyi? Inde saona. Bweretsani yanuyo."

Ndinayang'ana nkhope yawo kuti mwina akuseka. Sankaseka, koma anali atayamba kale kuchotsa tebulo pabalaza. Nthawi inali itatsala pang'ono kukwana teni.

Wa njinga yamoto anaiyang'ana TV ija n'kukana, akuti ikasweka alibe mbuzi zolipira. Wa kabaza anati anyamula agogo okha. Galimoto yoti n'kuipeza msanga panalibe. Ndinapota chitenje n'kupanga nkhata, ndinakuta TV ndi bulangete, amayi awiri n'kunditwika. Ndipo ulendo unayambika: kutsogolo apongozi pa kabaza, atagwira mpango kuti usauluke, pambuyo pawo ine, TV pamutu, chingwe chikulendewera kumsana ngati mchira, kumbuyo kwanga amayi a kwaya ndi mabenchi, zidebe za thobwa ndi dengu la manachesi. Poti nyimbo anali ataphunzira kale, anaona kuti zisawonongeke. Anayamba kuimba.

Njira yachidule yopita kwa a Falesi imadutsa pakati pa msika, ndipo linali Loweruka. Anthu anasiya malonda. Madalaivala a mathiraki amene ankadikira za kuchipata cha m'malire anayamba kuliza mahutala. Mayi wina wogulitsa tomato anakuwa kuti, "Mayi, banja latha kodi? Mwachita bwino kutenga TV!" Wina anayankha kuti, "Ayi, akukapereka chikole!" Sindikanatha kutembenuka kuti ndiwayankhe, chifukwa mphepo ikangowomba TV inkafuna kunditengera ku Zobwe, ku Mozambiki uko. Ndinkangoyenda khosi lili gwa, ndikupemphera kuti ndisapunthwe. Koma ndinene zoona: penapake pakati pa ogulitsa usipa ndi ogulitsa makala, nyimbo ija inandilowa, ndipo ndinayamba kuponda motsatira. Munthu ukachita manyazi mpaka kufika pamapeto, chotsala n'kuvina.

A Falesi anatilandira pakhomo. Ananditula okha. Analumikiza kabokosi kawo, anadina kawiri, ndipo tchalitchi cha ku Joni chinadzaza pabalaza ponse. Mkwatibwi anali akulowa kumene. Amayi a kwaya anakuwa mpaka agalu a m'mudzi anayamba kuuwa.

Kenako wojambula anatembenuzira kamera kutsogolo, ndipo nkhope ya Yohane inadzaza TV yonse, yaikulu kuposa munthu weniweni. Apongozi, amene amadzuka pampando mochita kuwagwira, anadzuka okha. Anayenda mpaka pa TV, n'kuika dzanja pa tsaya lake.

"Ndi iyeyu," anatero. "Wanenepa. Falesi, taona, akudya mwana uja. Wayamba dazi la bambo ake."

Malumbiro atatha, Yohane anayang'ana mu kamera n'kukweza dzanja. "Amayi, ku Mwanza uko, mukundiona?"

"Ndikukuona, mwana wanga! Ndikukuona!"

Iye sakanatha kuwamva, koma palibe amene anawauza zimenezo. Ine ndinalira ngati mwana, ndipo nditayang'ana kumbali ndinapeza a Falesi akupukuta maso ndi ngodya ya bulangete langa lomwe lija. Tinagwirana manja mpaka mwambo unatha.

Masana, anthu akumwa thobwa, apongozi anandiitana n'kundigwira pakhosi.

"Likupweteka?"

"Pang'ono, amayi."

"Lipola. Yohane uja ine ndinamunyamula miyezi isanu ndi inayi. Inu mwandinyamulira lero."

Ndinamva ngati ndakhululukidwa machimo onse. Ndinayamba kupinda bulangete kuti ndikutire TV yanga tizipita. Apongozi anakweza dzanja.

"Mukuitengera kuti? Falesi akuti a Zuze aja anati ukwatiwu umatsala momwemo, munthu n'kumaubwereza. Ine ndikhala kuno kwa Falesi masiku angapo, ndizimuona mwana wanga m'mawa ndi madzulo. Ziwirizi, TV ndi kabokosi, zagwirizana, musazilekanitse."

Masiku angapo aja tsopano ndi miyezi inayi. Ukwati wa Yohane apongozi auloweza pamtima, amachita kumuuza m'busa mawu otsatira. Makampani aja sanagwirizanebe, ndipo amuna anga atabwerako anangofunsa funso limodzi, loti ndinadina batani liti. Ndikafuna kuonera TV yanga ndimavala bwino, n'kupita kuseri kwa msika, n'kuodira pakhomo. A Falesi amandilandira mwaulemu kwambiri, amandipatsa mpando wabwino, rimoti ili pamiyendo pawo. Mwina mukuganiza kuti ndinaphunzirapo kugwira lilime. Ndinayesa ndithu, kwa milungu iwiri yathunthu. Koma sabata yatha alamu anagula sofa yatsopano, yobiriwira ngati chule wa pa dambo, ndipo anandifunsa pamaso pa anthu kuti ndikuiona bwanji. Ndinawauza.