Ka Assistant Kanga ka ku Deira

Nkhani iyi ndinkafuna kudzapita nayo kumanda. Koma poti mlamu wanga waifalitsa kale kuchokera ku Dubai mpaka ku Ntcheu, bola muimve kwa mwini wake. Manyazi ake ndi oti ndikaikumbukira ndimatuluka thukuta ngakhale AC ili pa full.

Ine ndimagwira ntchito ya security pa nyumba ina yaitali ku Business Bay. Ntchito ndimaitha, koma matenda anga ndi amodzi: kuiwala. Shift ikasintha, ndaiwala. Bwana wina akanena kuti kubwera alendo ake, ndaiwala. Foni ikanandithandiza, koma pa duty ndi yoletsedwa, timaisiya mu locker. Tsiku lina supervisor wathu, munthu wamfupi koma wowawa ngati kambuzi, anandiloza chala.

"Ukaiwalanso, khalas!"

Khalas ndiye kuti basi, zako zatha, kakwere ndege.

Amene anandipatsa nzeru ndi Mwanza, mnzanga wa ku Chipata yemwe timagona chipinda chimodzi ku Sonapur.

"Iwe mwana, gula PDA. Ni ka kompyuta ka m'manja, ka kudala, ka makedzana. Si foni, kalibe kamera. Sangakuletse."

Pa off yanga ndinakwera basi mpaka ku Al Muraqqabat, dera la ku Deira, ndi kulowa m'kashopu kena kogulitsa zipangizo zakale. Mwini wake, bambo wandevu zofiira, anandiyalira titatu pa kauntala. Koyamba kanali ndi timabatani tating'ono ngati nthangala za mpiru. Ndi zala zangazi, zonga chinangwa, ndikadina limodzi amadinika anayi. Kachiwiri kanali konenepa ngati njerwa, m'thumba la yunifomu sikakanalowa. Koma kachitatu! Kowonda, kakuda, kosalala, kokhala ndi kandodo kake kolembera pagalasi.

"Habibi, this one personal digital assistant," anatero bambo uja, kunditchula wokondedwa m'Chiarabu. "Kamakumbukira zonse. Iwe ungolemba, iko kakuuza nthawi ikakwana."

Mawu oti personal assistant anandilowa mpaka m'mafupa. Ine, wotsegulira anthu zitseko, kukhala ndi assistant ngati mabwana a m'mwamba aja? Sindinanenerere n'komwe.

Ndipo kanagwiradi ntchito. Poyamba kandodo kanandivuta, ndikalemba "meeting" iko kamamva zake. Koma nditakazolowera, shift sindinaphonyenso. Supervisor mpaka anandimwetulira, ndinaona koyamba kuti ali ndi mano.

Chisangalalo chikachuluka, pakamwa pamayabwa. Ndinajambula voice note kwa mkazi wanga kumudzi. Liwu loti digital lija ndinalidumpha dala, linkachepetsa ulemerero.

"Mayi a Tadala, kuno zinthu zasintha! Ndapeza ka personal assistant. Ndinachita kusankha ndekha, tinalipo titatu. Kena kanali konenepa, ndinakakana. Ndatenga kowonda, kakuda bwino, kosalala. M'mawa kamandidzutsa, masana sitisiyana. Ukangokakhudza pang'ono, kayankha kale!"

Yankho linabwera la liwu limodzi: "Chabwino."

Mwamuna aliyense wanzeru amadziwa kuti chabwino wotere ndi mtambo wa mvula yamatalala. Ine ndinati mwina bundle yawathera.

Mawa lake anaimba okha.

"Bambo a Tadala, kameneko kamagona kuti?"

"Pambali panga, pafupi ndi pilo."

"Anzanu m'chipindamo sanena kanthu?"

"Nsanje yokhayokha! Mwanza anapempha kuti ndimubwerekeko, ndamukaniza."

"Ooo. Nanga kudya mumakadyetsa ndinu?"

Ndinaseka, ndinati mayiwa lero ali ndi nthabwala.

"Sikavuta ayi. Kamangofuna moto usiku uliwonse basi."

Foni inaduka. Ndinatukwana network.

Sabata yonse kunali zii. Kenako Loweruka anandiimbira Eneless, mng'ono wa mkazi wanga, amene amalera ana panyumba ina konkuno. Mawu ake anali ozizira ngati madzi a mu fridge.

"Alamu, mawa tikatuluka ku tchalitchi tikumane pa cafeteria ija ya ku Muraqqabat. Mubwere nako."

"Nawenso wamva mbiri yake?"

"Ndamva. Tonse tamva."

Ndinakapukuta bwinobwino ndi nsalu, kukachaja mpaka kudzaza. Ndinati lero mlamu aone chitukuko.

Ndinamupeza atakhala kale, Baibulo lili patebulo, tiyi osamukhudza. Moni anayankha ndi mphuno. Anayang'ana kumbuyo kwanga, nayang'ananso kukhomo. Kenako anatsamiritsa foni yake pa kapu, ndipo pagalasi panatulukira bwalo lathunthu: mkazi wanga maso ali psuu, mayi anga atagwira tsaya, ndi amalume, ankhoswe athu, atavala jekete lawo la pa maukwati ndi pamaliro.

Amalume anakhosomola.

"Mphwanga, sitinasonkhane kuti tikangane. Kulakwa kulipo pa dziko. Tangotiuza, munthuyo ali kuti?"

"Munthu uti, amalume?"

"Kamtsikanako!" anakuwa mkazi wanga. "Kowonda kosalalako!"

Mutu wanga unaima. Ndinangoyankha zimene ndinkadziwa.

"Kali m'thumba."

"Iwe! Usatichite chipongwe!" anakalipa amalume. "Munthu angalowe m'thumba?"

Ndinakatulutsa n'kukaika patebulo, kandodo kake pambali.

Eneless anakanyamula, kukatembenuza, kuyang'ana kumbuyo ngati mwina mtsikanayo wabisala kumeneko. Kenako anaphulika. Anaseka mpaka kugwetsa mutu pa Baibulo, anyamata ophika chapati anasuzumira pawindo. Amalume anayandikira kamera mpaka tinkangoona mphuno yokha.

"Ndiye jekete ili ndavalira kawailesi?"

"Ine ndiye ndasala kudya chifukwa cha kameneka," anatero mayi anga. "Mulungu akukhululukire, mwana iwe."

Mkazi wanga anabisa nkhope m'chitenje. Mapewa ankagwedezeka, kaya kunali kulira kaya kuseka.

Apa munthu wanzeru akanapepesa n'kukhala chete. Koma ine ndinafufuma ngati mandasi m'mafuta. Ndinakhala tsonga, kukonza kolala.

"Mwaona? Munthu ndikuvutika kuno ndi dzuwa, inu mukundiganizira zoipa. Ine mkazi wanga ndimamuganizira usana ndi usiku. Palibe chimene chimandichotsa iyeyu m'mutu!"

Ndisanatseke pakamwa, kanthu kaja kanalira m'manja mwa Eneless.

Tii-tii! Tii-tii!

"Bweretsa!" ndinatero, ndikulumpha.

Mochedwa. Eneless anabwerera m'mbuyo, nayamba kuwerenga mokweza ngati akuwerenga zolengeza ku tchalitchi.

"Lamlungu lililonse. Imbira Mayi a Tadala. Uwauze kuti wawasowa. Ufunse za mwendo wa apongozi. Usaiwale kuyamikira tsitsi."

Ndinalakalaka pansi patang'ambika. Amalume anavula magalasi. Mayi anga anayang'ana kumwamba.

Mkazi wanga anatulutsa nkhope m'chitenje pang'onopang'ono.

"Bambo a Tadala."

"Wawa."

"Ndiye kuti masabata onsewa, mawu okoma aja, amakutumani ndi kameneka?"

"Mawuwo ndi anga, mayi. Iko kamangondikumbutsa."

"Tsitsi lija munaliyamikira sabata yatha, ine nditavala duku?"



Mkazi wanga anandiyang'anitsitsa. Kenako kumwetulira kunayamba kuwathawa m'mbali mwa milomo, ngakhale ankayesetsa kukubweza.

"Amalume, mlandu watha," anatero. "Mkazi mnzangayu ndamulandira. Chikwatiraneni, munthuyu sanandiuzepo kuti wandisowa, wachita kuphunzitsidwa ndi iyeyu. Eneless, m'bwezere mwini wake. Ndipo inu, muzikachaja usiku uliwonse. Kakadzangozima, banja latha!"

Abale anga, mukagula chinthu muzitchula dzina lake lonse, chifukwa liwu limodzi lomwe mwalidumpha likhoza kuveka amalume jekete.